Waya wa Tepi M'nyumba ya Abwana: Mawu Oyankhulidwa kwa Antchito ku Mbizo

 Ine ntchito yanga ndi yofufuza za moyo wa antchito, ndipo lero ndabwera ndi nkhani ya waya wa magetsi, pulagi ndi soketi, zinthu zimene manja anu amagwira kuyambira m'mamawa mpaka usiku.

Tili mu mzinda womangidwa ndi chitsulo ndi magetsi. Makolo athu ambiri adachoka ku Nyasaland, ku Chipata ndi ku Tete, ena kudzera mwa Mthandizi, kudzakumba golide ku Globe and Phoenix ndi kudzasungunula chitsulo ku Redcliff. Ng'anjo za Zimasco muno mu Kwekwe zimadya magetsi ochuluka zedi. M'mafakitale otere muli akatswiri a magetsi ndi malamulo a chitetezo opachikidwa pakhoma. Koma mayi wochapa ndi kusita m'nyumba ya munthu, kapena bambo woyatsa pampu pafamu, amagwira magetsi omwewo popanda womuphunzitsa.

Chaka chatha ndidacheza ndi mayi wina wogwira ntchito m'nyumba. Adandionetsa chipsera pachikhatho. Waya wa ayironi udang'ambika, abwana nkuukulunga ndi tepi, nanena kuti adzagula wina mwezi ukatha. Miyezi idatha itatu. Tsiku lina akusita pansi ponyowa, wopanda nsapato, magetsi adamugwira mpaka kugwa. Atadzuka, funso loyamba limene adafunsidwa lidali lakuti malaya apsa bwanji, ndipo mtengo wa malayawo udadulidwa pa malipiro ake. Chipsera chimenechi ndicho chandiimika pano.

Tiyambe ndi za m'kati mwa waya. Magetsi a m'nyumba muno mu Zimbabwe, monganso ku Malawi ndi ku Zambia, ndi a mavoliti pafupifupi 230. Mukasenda chingwe cha ketulo mupezamo timawaya titatu ta mkuwa. Kabulawuni ndiko kamabweretsa magetsi, ndipo ndiko kamapha. Kabuluu kamawabweza. Kobiriwira kosakanikira ndi chikasu ndi kapansi: ntchito yake ndi kuthawitsira magetsi m'nthaka ngati alowa m'chitsulo cha chipangizo. M'makoma ndi m'zipangizo zakale mupeza kofiira, kakuda ndi kobiriwira, ndipo koopsa ndi kofiirako. Munthu akadula dzino lachitatu la pulagi, kapena akasiya kawaya kapansi kali lendelende, chipangizo chimayakabe bwinobwino, koma tsiku limene magetsi adzafune njira yopita pansi, njirayo idzakhala thupi lanu.

Musanyengedwe kuti magetsi ochepa sapha. Ketulo imakoka maampu pafupifupi 9. Kachipangizo koteteza anthu kamene kamaikidwa m'bokosi la maswichi, kotchedwa earth leakage, kamazimitsa magetsi pakangotayika magawo 30 mwa magawo 1,000 a ampu imodzi, chifukwa kupitirira apo mtima wa munthu ukhoza kusokonekera. Ndiye kuti mphamvu yowiritsa tiyi ndi yoposa pamenepo maulendo 300. Khungu lonyowa limalowetsa magetsi mosavuta, ndipo ndani m'nyumba amakhala ndi manja onyowa tsiku lonse? Ndinu.

Tsopano pulagi. Ya mano atatu a makona, yomwe timaidziwa kuno ndi kumudzi, ili ndi fyuzi m'kati ndipo malire ake ndi maampu 13, omwe ndi mawati pafupifupi 3,000. Ketulo ya mawati 2,000 ndi ayironi ya mawati 1,500 pa adaputa imodzi zadutsa kale malire. Fyuzi ikapsa yagwira ntchito yake, yafa kuti nyumba isapse. Woikamo msomali kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya wachotsa mlonda pakhomo. Katundu amene abale amatibweretsera kuchokera ku Johannesburg amabwera ndi pulagi ya mano obulungira, yopanda fyuzi. Mankhwala ake ndi kusintha pulagiyo, osati kuidula nkusomeka mawaya awiri m'soketi mothinitsa ndi timitengo ta machesi. Polumikiza pakakhala polobodoka pamatentha, ndipo moto wambiri wa magetsi umayambira pamenepo. Soketi yakuda m'mbali, pulagi yotentha mukaigwira, fungo la pulasitiki yopsa, kathetheka pozula: zonsezi ndi chenjezo. Pakadafunda padajiwitsa galu.

Kuzimazima kwa magetsi kwawonjezera ngozi ina. Mukukumbukira 2019, madzi atachepa ku Kariba, pamene magetsi ankazima mpaka maola 18 patsiku nkubwera anthu ali m'tulo. Ayironi kapena chitofu chimene chidasiyidwa chili choyatsa masana chimayamba kutentha pakati pa usiku. Magetsi akangozima, zimitsani zonse pakhoma. Waya wosalankhula musauyese wakufa. Ndipo jenereta yolumikizidwa kusoketi ya m'nyumba ndi chingwe cha mapulagi mbali zonse ziwiri imabweza magetsi m'mawaya a panja, nkupha wantchito wa ZETDC amene ali pamtengo. Abwana akakutumani zimenezo, kanani. Akakutumani kulambalala mita kapena kukagulitsa mawaya a mkuwa osadziwika kochokera, kananinso, chifukwa ndi milandu yopita nayo kundende, ndipo wogwidwa ndi mwini dzanja.

Inu a m'mafamu, anu ndi aakulu koposa. Mapampu ambiri a pachitsime ndi othirira amayendera mawaya atatu a mavoliti pafupifupi 400, ndipo nthambo zodutsa pamwamba pa minda kawirikawiri ndi za mavoliti 11,000. Paipi yothirira ya aluminiyamu musaiimike chilili pansi pa nthambo. Inyamuleni chogoneka, awiriawiri. Magetsi amphamvu chotere amalumpha ngakhale paipi isanakhudze. Musanakumbe ngalande, funsani pamene padakwiriridwa chingwe. Nthambo ikagwa pansi, musaiyandikire ngakhale ndi mtengo. Thamangitsani ana ndi ziweto, ndipo uzani a ZETDC.

Mnzanu akagwidwa ndi magetsi a m'nyumba, musamugwire ndi manja. Thamangirani kuswichi yaikulu. Ngati ili kutali, imani pouma ndi kumukankha ndi mtengo wouma wa tsache. Akatsitsimuka apite kuchipatala ngakhale akuti ali bwino, pakuti magetsi amawotcha m'kati ndipo mtima ukhoza kuvuta pambuyo pake. Pepala la kuchipatala mulisunge, ndi umboni.

Nanga lamulo likuti chiyani? Ndime 65 ya malamulo oyendetsera dziko la Zimbabwe a 2013 imapereka ufulu wogwira ntchito motetezeka kwa munthu aliyense. Siifunsa kwanu ndi kuti. Ndime 43 imati wobadwira muno malamulowo asanasindikizidwe, amene kholo lake lidali la dziko la SADC ndipo iye ankakhala muno pa tsiku limene adasindikizidwa, ndi nzika yobadwa. Choncho dzina la mlendo lisakutsekeni pakamwa. Wantchito wa pafamu akavulala pantchito ali ndi ufulu wa chipukuta misozi kudzera ku NSSA, ndipo wolemba ntchito ayenera kukanena za ngoziyo. Koma thumba limeneli lidakhazikitsidwa mosiya kunja antchito a m'nyumba. Ku South Africa kudali chimodzimodzi mpaka Novembala 2020, pamene khoti lalikulu loona za malamulo a dziko, pa mlandu wa Mahlangu, lidagamula kuti kuwasiya kunja ndi kuphwanya malamulo. Mlanduwo udayamba ndi imfa ya mayi mmodzi wogwira ntchito m'nyumba, amene adamira m'dziwe losambiramo la abwana ake mu 2012. Mwana wake ndi bungwe la antchito sadatope. Mutu umodzi susenza denga: a m'mafamu muli ndi GAPWUZ, a m'nyumba muli ndi ZDAWU.

Ndikupempheni zinthu zitatu. Mawa, musanasomeke chilichonse, yendetsani maso pa chingwe chonse kuchokera kupulagi mpaka kuchipangizo. Mukapeza chowonongeka, uzani abwana mwaulemu, ndipo tumizaninso uthenga wa pafoni ndi chithunzi, kuti tsiku lake lidziwike. Kukonza magetsi ndi ntchito ya wodziwa amene adaphunzira, ndipo kulipira kwake ndi kwa mwini nyumba. Chachitatu, zimene mwamva pano mukauze mnzanu amene sadapatsidwe chilolezo chobwera lero.

Mayi wa chipsera uja akugwirabe ntchito m'nyumba yomweyo. Ayironi idagulidwa yatsopano atapita komweko ndi mnzake wa m'bungwe. Ndalama za malaya sadabwezeredwe mpaka lero, ndipo nkhaniyo tikuitsatirabe.