Kapotedwe ka Mbatata ya Kacewere



Lero tikambe za mbatata ya kacewere, imene ena amati mbatatesi. Mbeu imeneyi kwao ndi ku mapiri a Andes ku South America, ndipo kuno imakonda malo ozizira monga Dedza, Ntcheu ndi Angonia. Inu a m'tauni mumaigula ndi ndalama pa msika wa Matero kapena ku Soweto, motero kuiononga pamoto ndiko kutaya ndalama pamodzi ndi makala. Mbatata yopota bwino ndi cakudya coyenera mwana amene wakwanitsa miyezi 6, munthu wodwala, ndiponso nkhalamba imene mano anatha. Koma ikakhala ya mibulu, mwana amailabvula, nagona ndi njala.

Nchito imeneyi imayambira kumunda. Mlimi asafulumire kukumba. Alindire masamba aume, papitenso milungu iwiri, cifukwa mbatata yanthete iri ndi madzi ambiri, koma yokhwima iri ndi ufa, ndiyo imanyenyeka msanga. Aisunge mu mdima, popeza kuunika kumaibiriwiritsa, ndipo pobiriwirapo ndi pa mphukira pamakhala ululu wochedwa solanine. Dulani pamenepo ndi kutaya. Imene yabiriwira yonse kapena ikuwawa musapatse munthu.

Mukasenda, dulani zidutswa zolingana, ciri conse conga dzira la nkhuku. Ziikeni m'madzi ozizira a mcere pang'ono, ndipo muteleke. Ambiri amaponya mbatata m'madzi owira kale pofuna kufulumira, tsono kunja kumapsa mpaka kusungunuka pamene mkati muli mwamuwisi. Mibulu ija imacokera pamenepo. Madzi akawira, lindirani mphindi 15 kapena 20, kufikira foloko ilowa yokha osakankha. Tsanulani madzi onse, ndi kubwezera mphika pa mbaula kamphindi kuti nthunzi icoke.

Tsopano mverani bwino, pakuti apa ndi pamene amalakwa ngakhale amai odziwa kuphika. Dzanja lanu linazolowera nsima, ndipo nsima imakoma ndi kubvundula kwamphamvu. Mbatata siitero ai. Ufa wace uli m'timatumba tating'ono tosaoneka ndi maso, timene timatupa pophika. Mukanyenya mofatsa, timatumbato timangopatukana, ndipo cakudya cimakhala cofewa ndi copepuka. Mukatakasa ndi mthiko monga nsima, kapena kusinja mu mtondo, timaphulika, ufa uja numamatira ngati ulimbo. Ikatero palibenso mankhwala. Ngakhale muthire mkaka wa ng'ombe yonse, siibwerera. Makina a magetsi opera zakudya amene ena agula m'masitolo amaononga koposa mthiko, ndipo ine ndinena kuti foloko wamba iwaposa pa nchito iyi.

Cifukwa cace nyenyani ndi foloko mbatata ikali yotentha, musailole kuzizira. Wofuna yosalala kwenikweni, makamaka ya khanda, aipyoletse pa sefa ya waya, akukanikiza ndi msana wa supuni. Kamodzi kakwanira.

Pa kilo imodzi ya mbatata yambani ndi masupuni awiri a batala kapena majarini, kuti mafuta akute ufa uja, ndipo pambuyo pace thirani theka la kapu ya mkaka wotentha, pang'ono pang'ono, mukutembenuza mopepuka. Mkaka wozizira umaziziritsa mbatata ndipo sulowerera bwino. Kumudzi kumene mkaka usowa, nsinjiro zidzagwira nchito monga zimacitira pa futali, koma zikhale zosefa bwino, ndipo muyambe mwaziwiritsa pa zokha kufikira zitapsa. Gawo la mwana wosakwana caka lipatuleni musanaonjeze mcere wina.

Ngati abambo acedwa ku nchito, musabwezere mphika pa makala, ingapserere pansi. Bvundikirani, ndi kuukhazika m'beseni la madzi otentha.