Chitsa Sichinafe: Mau a Mlembi wa Nthambi pa Msonkhano wa ku Chiosya



Ndaima pano kunena za chitsa, chija chimatipunthwitsa m'munda ife ndi kuchitukwana.

Yambani mwamva za ku Lilongwe. Madzi amene anthu a mumzinda uja amamwa amachokera m'nkhalango ya Dzalanyama, nasungidwa m'madamu awiri a Kamuzu. Ootcha makala atachuluka m'nkhalangomo, m'chaka cha 2015 Boma linatuma asilikali kukailonda. Taganizani, asilikali kulonda mitengo! Mu February 2017 mtsinje wa Lingadzi unasefukira nugwetsa nyumba ku Mtandire. Pamene mitengo yatha mvula siilowa pansi. Imathamanga tsiku limodzi, ndipo pofika October chitsime chauma. Bvuto lomwelo likhoza kutigwera, pakuti Bua amayambira m'boma lathu lino la Mchinji, ndipo ife ndife a kumtunda.

M'chaka cha 2016 dziko lathu linalonjeza kubwezeretsa nthaka ndi nkhalango pa mahekitala 4.5 miliyoni pofika 2030. Ambiri akamva izi aganiza za mbande za m'machubu. Inenso ndinatero. Ndinabzala mbande ndi ana a sukulu, koma chiswe ndi mbuzi zinagawana, ndipo zotsala ndikhoza kuziwerenga ndi zala. Pamenepo kuseri kwa bwalo zitsa za mombo ndi msuku, zimene palibe anazithirira, zinaphuka zokha. Chitsa chiri nayo kale mizu yakuya, siichita kufunafuna madzi.

Nchito yake njochepa. Pa chitsa sankhani mphukira ziwiri kapena zitatu zolimba, zinazo dulani. Muzisadzulira nthambi za m'munsi, izo ndi nkhuni za amai. Lambulani pozungulira kuti moto wa osaka mbewa usafike. Alimi a ku Niger, dziko louma kuposa lathu, anayamba kutero m'zaka za m'ma 1980, ndipo mitengo inabwerera pa mahekitala ngati 5 miliyoni. Msangu ukamera m'munda musauzule: umayoyola masamba nthawi ya dzinja, suphimba chimanga, ndipo masambawo ndi manyowa.

Ndidziwa kuti akulu ena akamva za kusamala nthaka akumbuka malimidwe a m'ma 1950, pamene anthu ankalipitsidwa ndi kumangidwa chifukwa cha mizere ndi migula. Kukwiya kwao kunali koyenera. Koma ndinena poyera kuti mgula sunalakwe, chinalakwa ndi chikakamizo. Chifukwa chake sitipempha wotilonda. Tipempha mafumu kuti akhale pansi ndi anthu ao, agwirizane za moto, za mbuzi m'chilimwe, ndi malire a madimba m'mbali mwa dambo.

Loweruka m'mawa ndidzakhala kuseri kwa sukulu. Amene afuna kuona kasadzulidwe abwere ndi chikwanje chakuthwa.