Madamu a Magetsi pa Mtsinje wa Shire: Kodi Ngolimba? Nanga Ife a ku Thambani Zikutikhudza Bwanji?

Nkhani yathu lero ndi ya madamu amene amapanga magetsi pa mtsinje wa Shire. Ndikudziwa kuti wina wayamba kale kunena chamumtima kuti, "Aphunzitsi, kwathu timaunikira tochi, za magetsi zitikhudza bwanji?" Funsoli n'labwino. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 aliwonse ndiwo amaunikira magetsi m'dziko muno. Komabe chigayo chimene mumagayitsako chimanga, firiji yosungira katemera wa ana kuchipatala, ngakhale mtengo wa sopo ndi shuga m'golosale, zambiri mwa izi zimadalira madzi a mu Shire.

Tiyambe tawadziwa madamuwo. Popita ku Blantyre mumawoloka Shire pa mlatho wa ku Zalewa. Cha kumunsi kwake kuli Nkula. Makina oyamba, otchedwa Nkula A, anayamba kugwira ntchito mu 1966, dziko lathu litangotha zaka ziwiri likudzilamulira. Kutsikirako kuli Tedzani, amene anayamba mu 1973. Kumunsi kwenikweni, m'boma la Chikwawa pafupi ndi nkhalango ya Majete, kuli Kapichira, amene anatsegulidwa m'chaka cha 2000. Kuyambira 2017 amene amayang'anira malo onsewa ndi a EGENCO, pamene a ESCOM anatsala ndi ntchito yogawa ndi kugulitsa magetsiwo.

Pali chinthu chimodzi chimene anthu ambiri amasokoneza. Madamu athuwa sali ngati Cahora Bassa wa ku Tete kapena Kariba, amene anatchinga Zambezi n'kupanga nyanja zazikulu. Athuwa ndi maiwe aang'ono ongokwezera madzi kuti alowe m'ngalande, atsike mwamphamvu n'kukazunguza makina. Nkhokwe yeniyeni ya madzi ndi Nyanja ya Malawi, ndipo chitseko chake ndi Kamuzu Barrage ya ku Liwonde yomwe inamangidwa mu 1965. Choncho mvula ikagwa yoopsa kumunsi kwa Liwonde, Nkula kapena Tedzani alibe posunga madzi onsewo. Sangathe kuteteza anthu a ku Chikwawa ndi Nsanje ku madzi osefukira, ndipo sanamangidwire zimenezo.

Tsono funso lalikulu: kodi damu la 1966 lingakhale lolimba mpaka lero? Mwachibadwa timaganiza kuti chokalamba ndicho chiyambe kugwa. Koma taonani zimene zinachitika. Mu Januwale 2022, namondwe wa Ana atawomba, damu limene linagumuka silinali la Nkula ayi. Linali la Kapichira, lomwe ndi laling'ono pa msinkhu. Madzi anakokolola mbali ina ya khoma lake la dothi ndi miyala, mtsinje n'kudzipezera njira ina, makina onse anayi n'kuima. Dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 tsiku limodzi, ndiye kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi athu a nthawi imeneyo. Magetsi anakhala akuzimazima kwa nthawi yopitirira chaka, mpaka Kapichira atakonzedwa mu 2023. Amayi amene ankagona pachigayo kudikira magetsi a usiku akukumbukira bwino. Nkula A, gogo uja, anali atachotsedwa makina akale n'kuikidwa atsopano mu 2018 ndi thandizo la dziko la America, mphamvu yake n'kukwera kuchoka pa mamegawati 24 kufika pafupifupi 36.

Zikuonetsa kuti ukalamba pawokha si ndiwo umapha damu. Konkire yosamalidwa imakhala zaka zambirimbiri, ndipo makina akatha amasinthidwa. Chimene chikudwalitsa madamu a pa Shire ndi matope ndi zinyalala.

Apa ndifuna tiimepo pang'ono. Tengani ndowa, muithire mchenga mpaka theka, kenaka mukatunge madzi. Mutunga theka basi. Dziwe la damu ndi chimodzimodzi. Chaka ndi chaka dothi lokokoloka m'minda ndi m'mapiri limakakhazikika m'dziwemo, malo a madzi n'kumachepa. M'chilimwe madzi ozunguzira makina amaperewera. M'dzinja madzi osefukira amasowa pofikira, motero amakankha khoma ndi zitseko ndi mphamvu yonse. Mchenga wolowa m'makina umawadya ngati tupa. Palinso namasupuni, udzu, zitsa ndi mitengo yathunthu zimene zimatseka sefa wa zitsulo pakhomo la ngalande. Mu 2001 zinyalala zoterezi zinaphwanya zitsulo za pakhomo ku Tedzani, ndipo makina ena anakhala chiimire kwa zaka zingapo. N'chifukwa chake a EGENCO amawononga ndalama zambiri pa makina ofukula matope ndi odula namasupuni ku Liwonde, ndalama zomwe pamapeto pake zimalowa mu mtengo wa magetsi. Madzi amene anthu a mu mzinda wa Blantyre amamwa amapopedwanso pa Walker's Ferry, pafupi ndi Nkula pomwepo, ndipo matope omwewo amawavutitsa.

Nanga dothilo limachokera kuti? Lina limachokera kutali, ku Ntcheu, Balaka ndi Machinga. Koma lina ndi lathu lomwe. Mitsinje ya Lisungwi ndi Wamkulumadzi imathira mu Shire kumtunda kwa Kapichira. Mtsinje wa Mwanza umakathira kumunsi kwake, kotero matope ake salowa m'damu, koma amakakwirira minda ya abale athu ku Chikwawa. Kulikonse kumene dothi lathu lapita likukalakwa, ndipo ife tatsala ndi miyala m'munda. Werengani matumba a makala amene amayalidwa mumsewu kuchokera ku Mwanza kukafika ku Zalewa, kenaka muyang'ane nkhalango yathu ya Thambani m'mene yayera poyerekeza ndi m'mene makolo athu anatisiyira.

Sindinabwere kudzanyoza wowotcha makala. Munthu amene chimanga chamuthera mu Novembala, mwana akufuna fizi, sadula mtengo chifukwa cha nkhanza. Ndipo makalawo amakaphikira ndani? Anthu a m'tauni, ambiri a iwo okhala ndi magetsi m'nyumba. Magetsi akazima amagula makala ambiri. Makala akachuluka mapiri amayera. Mapiri akayera matope amadzaza damu, magetsi n'kuzimanso. Mlanduwu suli pa mlimi yekha. Koma ndinene mosabisa: thumba la makala limadyedwa sabata imodzi, pamene munda wokokoloka sudzabwereranso m'masiku a moyo wathu.

Zoti tichite pamunda alangizi anatiphunzitsa kale: akalozera, mizere yopingasa, udzu wa vetiva, kusiya kulima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, kusamala ziphukira za zitsa m'malo mongodikira mbande. Sindibwereza. Chimene timaiwala ndi mbali ya ife monga nzika.

Malamulo aakulu a dziko lino, pa gawo 13, amapatsa boma udindo wosamala chilengedwe, ndipo gawo 37 limatipatsa ufulu wopeza nkhani zimene boma likusunga. Lamulo lothandiza kuti ufulu umenewu ugwire ntchito linayamba mu Seputembala 2020. Madamuwa ndi chuma cha mtundu wonse, si a mainjiniya okha. Tili ndi ufulu wofunsa phungu ndi khansala wathu kuti damu lililonse linayenderedwa liti ndi akatswiri, anapeza chiyani, nanga anthu okhala kumunsi amachenjezedwa bwanji zitseko zisanatsegulidwe. Mafunso amenewa afunika kwambiri tsopano, poti pali dongosolo lomanga damu lalikulu pa Mpatamanga, pakati pa Tedzani ndi Kapichira, la mamegawati oposa 350. Mu 2025 Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inavomereza thandizo la ndalama pa ntchitoyi. Midzi ina ya ku Neno ndi Blantyre idzataya minda ndi malo, ndipo ena mwa anthuwo ndi abale athu, popeza Neno anali mbali ya boma la Mwanza mpaka 2003. Muwauze kuti asasaine chikalata cha chipukuta misozi asanachimve bwino, afunse kuti munda wawo wayezedwa motani, mitengo yazipatso yawerengedwa ingati, ndipo dzina la mayi lilembedwe pamodzi ndi la bambo.

Tikabalalika pano, ndikupempha a komiti ya chitukuko ya m'mudzi ndi a komiti ya zachilengedwe atsalire. Tilembe mayina a timitsinje ndi zigwembe zimene zakumbika kwambiri m'mudzi uliwonse, kuti a Gulupu akapite nawo ku msonkhano wa ADC mvula isanayambe. Amene ali ndi mafunso, imikani mkono, tiyambire kwa amayi.