WOLEDZERA ASAGWIRE CHIWONGOLERO



Lero, tisanatsegule makope, tikambirane nkhani ya pamsewu. Ambiri mwa ife tilibe galimoto, komabe tonse timagwiritsa ntchito msewu. Timakwera chapa popita ku Ulongué kapena ku Tete. Timagulitsa mbatata ya kachewere, tomato ndi makala m'mbali mwa msewu. Ana athu amaoloka msewu popita kusukulu. Pamsewu wa N7, wochokera ku Tete kudzera ku Moatize mpaka ku Zóbuè, pamadutsa malole akuluakulu usiku ndi usana, ochokera kudoko la Beira kupita ku Malawi. Choncho woyendetsa galimoto akaledzera, moyo umene akuseweretsa ndi wathu. Akagunda munthu n'kuthawa, wosiyidwa pansiyo ndi mbale wathu.

ZIMENE ZIDACHITIKA KU MAPUTO

Pa 25 Malichi 2018, kusanache, anthu ambiri anali pa chisangalalo cha karnavali ku bairo la Luís Cabral, mumzinda wa Maputo. Ambiri mwa iwo anali achinyamata. Kudatulukira galimoto yothamanga kwambiri. Apolisi adaiimitsa, koma woyendetsa sadaime. Galimotoyo idakalowa pakati pa anthu. Anthu opitirira 20 adafa, ena ambiri adavulala. Woyendetsayo nayenso adafera pomwepo. Pofotokoza za ngoziyi, apolisi adatchula zinthu ziwiri: liwiro ndi mowa.

Tiyeni tiganize. Munthu ameneyu akadaima pamene apolisi adamuimitsa, chikadachitika n'chiyani? Akadamuyeza mpweya. Akadapezeka ndi mowa, akadamulanda makiyi. Mwina akadagona m'chitokosi, akadalipira chindapusa, akadachita manyazi pamaso pa abale ake. Koma akadakhala ndi moyo, ndipo ana a eni ake akadabwerera kwawo m'mawa umenewo. Wapolisi akagwira woledzera pamsewu, wapulumutsa anthu oyenda pansi, wapulumutsanso woledzerayo.

NKHONDOYI SIDAYAMBE LERO

Mowa ndi galimoto zidayamba kudana kalekale. Pa 10 Seputembala 1897, mumzinda wa London, apolisi adagwira woyendetsa takisi dzina lake George Smith. Iye adagunda nyumba ataledzera. Adavomera mlandu ndipo adalipira chindapusa. Ambiri amati ameneyu ndiye adali woyamba kumangidwa chifukwa cha mlandu wotere. Masiku amenewo wapolisi ankadalira maso ndi mphuno basi: fungo la m'kamwa, mayendedwe a peyupeyu, lilime lolemera. Woledzera ankatha kukana.

Mu 1954, Robert Borkenstein, amene ankagwira ntchito ku polisi ya Indiana ku America, adapanga chipangizo choyezera mowa mu mpweya wa munthu. Munthu amauziramo, ndipo chipangizo chimaonetsa kuchuluka kwa mowa. Zipangizo za mtundu umenewu ndi zimene apolisi athu apamsewu amagwiritsa ntchito. Chipangizo sichidziwa bwana, sichidziwa mlamu. Chimangoonetsa nambala.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse, limene kuno timalitcha OMS, lidalengeza mu 2023 kuti anthu pafupifupi 1,19 miliyoni amafa pamisewu chaka chilichonse. Lidanenanso kuti pakati pa ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29, ngozi zapamsewu ndizo zimapha anthu ambiri kuposa matenda alionse. Tikayerekeza ndi chiwerengero cha anthu, Africa ndiyo imataya anthu ochuluka, chonsecho magalimoto kuno ndi ochepa.

MOWA UMACHITA CHIYANI M'THUPI?

Kaya ndi kachasu, kaya ndi kabanga, kaya ndi mowa wa m'botolo wa pa baraka, njira yake ndi imodzi. Mowa umalowa m'mimba, umapita m'magazi, magazi amaufikitsa ku ubongo. Ukafika kumeneko umachita zinthu zitatu. Umachedwetsa manja ndi mapazi. Umafooketsa maso, makamaka usiku. Ndipo umanamiza mwini wake: amadziona wochenjera ndi wolimba mtima pamene nzeru zake zachepa. N'chifukwa chake woledzera amati, “Ine ndikamwa m'pamene ndimayendetsa bwino.” Amene akulankhula pamenepo ndi mowa.

Tiyeni tichite masamu, monga timachitira pa bolodi. Galimoto ikuyenda makilomita 60 pa ola. Kilomita imodzi ndi mamita 1 000, ndiye kuti pa ola ikuyenda mamita 60 000. Ola lili ndi masekondi 3 600. Tikagawa 60 000 ndi 3 600, tipeza pafupifupi 17. Ndiye kuti pa sekondi imodzi yokha galimoto imayenda mamita 17. Woyendetsa akaona mwana pamsewu, pamapita nthawi kuti phazi lifike pa buleki. Ngati wosamwa atenga sekondi imodzi, galimoto yadya kale mamita 17. Ngati woledzera atenga masekondi awiri, galimoto yadya mamita opitirira 33 buleki isanapondedwe n'komwe. Mamita owonjezerawo ndi pamene paima mwana wathu.

Ena amati khofi wowawa amachotsa mowa. Ena amati kusamba madzi ozizira, ena amati kutafuna chinangwa chachiwisi. Zonsezi n'zabodza. Chimene chimachotsa mowa m'magazi ndi chiwindi, ndipo chiwindi sichifulumizidwa. Chimatenga pafupifupi ola lathunthu kuti chithane ndi kabotolo kamodzi kakang'ono ka mowa. Munthu amene wachezera kumwa usiku wonse amadzuka m'mawa mowa udakali m'magazi, ngakhale atasamba ndi kuvala malaya oyera.

LAMULO LIKUTI CHIYANI?

Dziko lathu lili ndi buku la malamulo apamsewu, Código da Estrada, limene lidakhazikitsidwa mu 2011. Lamuloli limaika malire. Woyendetsa amene magazi ake ali ndi magalamu 0,6 a mowa pa lita imodzi, kapena kupitirira apo, amatengedwa kuti akuyendetsa ali ndi mowa m'mutu. Kwa woyendetsa chapa, basi, kapena lole yonyamula katundu woopsa monga petulo, malire ake ndi ziro. Ali pantchito asalawe ngakhale dontho.

Wapolisi akakuimitsa, ima. Akakupatsa chipangizo, uziramo. Kukana nakonso n'kulakwira lamulo. Ngati pachitika ngozi ndipo woyendetsa wavulala, amamuyeza magazi kuchipatala. Wopezeka wolakwa amalipira chindapusa, amatha kuletsedwa kuyendetsa, ndipo ngati wavulaza kapena kupha munthu amakayankha mlandu kubwalo lamilandu.

Womangidwa nayenso ali ndi ufulu wake. Sayenera kumenyedwa. Ayenera kuuzidwa chifukwa chimene wagwidwira. Ayenera kukaonekera pamaso pa woweruza pasanathe maola 48. Wapolisi amagwira, koma woweruza ndiye amagamula.

Tinenenso za ziphuphu, zimene anthu amazipatsa dzina lokoma lakuti “refresko”. Woyendetsa woledzera akapereka ndalama kuti adutse, ndalamayo sichotsa mowa m'magazi ake. Amapitirira ulendo ali chiledzerere, ndipo kutsogoloko kuli mudzi wathu. Wopereka ndi wolandira onse ndi olakwa pamaso pa lamulo ndi pamaso pa anthu.

KUTHAWA NDI MLANDU WACHIWIRI

Kugunda munthu ndi mlandu umodzi. Kumusiya pansi n'kuthawa ndi mlandu wina, ndipo lamulo limaulanga paokha. Chifukwa chake n'chomveka. Munthu wovulala amene akutaya magazi ambiri angathe kufa pa mphindi zochepa. Ambiri amene amafera pamsewu akadapulumuka akadafika msanga kuchipatala. Kawirikawiri galimoto imene ili pafupi kwambiri ndi yomwe yamugundayo. Wothawa amathawitsa thandizo lomaliza la munthuyo.

Nanga amathawiranji? Ena amathawa kuti mowa uyambe watha m'magazi apolisi asanawapeze. Ena alibe chiphaso choyendetsera. Amaganiza kuti mdima uwabisa. Koma galimoto imasiya mboni: magalasi osweka, penti, nyali yophwanyika, chitsulo chopindika chimene makaniko adzachione mawa. Akuluakulu adati mlandu suola. Wothawa akagwidwa amayankha milandu iwiri m'malo mwa umodzi.

Pali chifukwa chinanso, ndipo chimenechi chikutikhudza ife. Ena amathawa poopa ife eni mudzi. Amadziwa kuti m'malo ena anthu amathamangira miyala ndi zibonga, amamenya woyendetsa, amatentha galimoto. Abale, khalidwe limeneli ndi mdani wathu. Pamene gulu likumenya woyendetsa, ndani akuthandiza wovulala? Galimoto ikapsa, wovulala apita pa chiyani kuchipatala? Woyendetsa akafa, ndani adzayankhe mlandu, ndani adzapepese ofedwa? Komanso si ngozi iliyonse imene wolakwa amakhala woyendetsa. Gulu lokwiya silifunsa mafunso. Mudzi umene umamenya oyendetsa ukuphunzitsa oyendetsa onse kuthawa, ndipo amene adzasiyidwe pansi mawa ndi mwana wa m'mudzi momwemo. Wopha woyendetsa nayenso ndi wakupha, ndipo lamulo lidzamufuna.

Kwa oyendetsa tikuti: ngati moyo wanu ulidi pangozi chifukwa cha gulu, musapite kunyumba kukabisala. Lunjikani kupolisi imene ili pafupi, mukanene zimene zachitika ndi malo amene wovulala ali, kuti thandizo lipite msanga.

KUWERENGA NDI CHIDA

Mwina wina akufunsa: nkhani imeneyi ikukhudzana bwanji ndi sukulu ya akuluakulu? Tamverani.

Pamene dziko lathu lidalandira ufulu mu 1975, anthu opitirira 90 mwa 100 alionse sankadziwa kuwerenga. Mu 1978 Pulezidenti Samora Machel adatsegula kampeni yoyamba ya dziko lonse yophunzitsa anthu kuwerenga ndi kulemba. Ntchito imene tikugwira pano ikupitiriza ntchito imeneyo. Munthu wosadziwa kuwerenga akaona galimoto ikuthawa, amangoti, “Inali yoyera, yaikulu.” Magalimoto oyera aakulu alipo masauzande. Munthu wodziwa kuwerenga amatchula nambala, ndipo nambala iliyonse ili ndi mwini wake m'mabuku a boma.

Nambala za magalimoto a kuno zimayamba ndi zilembo zitatu, kenako manambala atatu, n'kumalizira ndi zilembo ziwiri zosonyeza chigawo. TT ndi Tete. NS ndi Niassa. ZB ndi Zambézia. SF ndi Sofala. MC ndi mzinda wa Maputo. Magalimoto a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe ali ndi kalembedwe kawo, koma zilembo ndi manambala ndi zomwezi zimene tikuphunzira. Mukaona nambala, itchuleni mokweza kawiri kapena katatu kuti ena aimve. Ilembeni msanga. Ngati palibe pepala, lembani ndi kamtengo padothi, kapena ndi khala pa chikhatho. Ngakhale mutagwira theka lokha, nenani. Onjezani mtundu wa galimoto, nthawi, ndi kumene yalowera. Agogo amene dzulo ankadinda chala angathe lero kugwiritsa wothawa.

TIKAPEZA NGOZI TICHITE CHIYANI?

Choyamba, titeteze malo. Tiike nthambi zamasamba pamsewu, patali ndithu mbali zonse ziwiri, kuti galimoto ina isagundenso anthu.

Chachiwiri, tithandize wovulala. Pamene pakutuluka magazi tipanikize ndi nsalu yoyera, osasiya. Tisamupinde khosi kapena msana. Pomunyamula tigwirizane anthu angapo, mutu ndi thupi zikhale mowongoka. Tisamumwetse madzi, tisamudyetse kanthu, chifukwa mwina akufunika opaleshoni.

Chachitatu, tiitane apolisi ndi achipatala, tidziwitsenso anyakwawa kapena mlembi wa bairo.

Chachinayi, ngati woyendetsa waima, timuteteze mpaka apolisi afike. Katundu wogwa m'galimoto si wathu. Tisatole.

Chachisanu, tivomere kukhala mboni. Tinene zimene taona ndi maso athu, osawonjezera, osachotsera.

NTCHITO YATHU ISANAFIKE NGOZI

Woledzera sakwera galimoto kuchokera kuthengo. Amachokera pakati pathu: pa ukwati, pa sadaka, pa baraka. Timamuona akudzandira, timamuona akufunafuna makiyi m'thumba. Tikakhala chete, tamuthandiza. Wakutsina khutu ndi mnansi. Mulandeni makiyi mwaulemu, mumuyalire mphasa, apite mawa. Akakwiya lero adzathokoza kukacha.

Mukakwera chapa n'kumva fungo la mowa kwa woyendetsa, lankhulani. Mukalankhula nonse pamodzi adzamva. Akakana, tsikani, ndipo mukauze apolisi pamalo oyamba. Kuchedwa kumsika n'kwabwino kuposa kufika kumanda. Anyamata a njinga zamoto onyamula anthu, lamuloli ndi lanunso. Amayi ofulula ndi ogulitsa mowa, musamuwonjezere munthu amene mukudziwa kuti ali ndi ulendo pa chiwongolero.

Ifenso oyenda pansi tisamale. Kuno magalimoto amayenda kumanzere, choncho ife tiziyenda kumanja, moyang'anana ndi galimoto imene ikubwera. Usiku tivale zowala. Munthu woledzera woyenda pakati pa msewu amaika pangozi moyo wake ndi wa woyendetsa wosalakwa. Timuperekeze mpaka pakhomo. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe.

Pansi ndi kuyendetsa galimoto utaledzera!
Pansi ndi kuthawa wovulala!
Pansi ndi chiweruzo cha miyala ndi zibonga!
Patsogolo ndi kuwerenga ndi kulemba!

TIKAMBIRANE

1. Kodi m'dera lathu ndi malo ati apamsewu pamene pamachitika ngozi kawirikawiri? Chifukwa chiyani?
2. Galimoto ikuyenda makilomita 90 pa ola. Pa sekondi imodzi iyenda mamita angati?
3. Mlamu wanu waledzera ndipo akufuna kuyendetsa. Mumuuza mawu otani?

TILEMBE

mowa, msewu, ngozi, mboni, lamulo, chiwongolero

Ntchito ya kunyumba: aliyense aime pamalo otetezeka m'mbali mwa msewu, awerenge nambala za magalimoto atatu, azilembe m'kope, abwere nazo pa phunziro lotsatira.