MBAWALA ZA KU AMEREKA: KAYENDEDWE NDI KADYEDWE KAO M'MASIKA

 Ambiri a inu, musanabwere kudzagwira nchito ya ndalama, munali kupita ku uzimba pamodzi ndi atate anu, ndipo mudziwa kuti mlenje weniweni sadalira mwai. Madzulo ano ndifuna kupita nanu kutali, ku dziko la United States ku Amereka, kuti tione m'mene alenje a kumeneko aphunzirira makhalidwe a nyama imene aikonda koposa zonse.

Nyamayo Azungu aicha white-tailed deer, ndiko kunena mbawala ya mcira woyera, pakuti ikadzidzimuka iimika mcira wace, woyera kunsi, nithawa. Ifanako ndi mbawala yathu, koma iiposa pa msinkhu: mphongo yokhwima ilemera mapaundi 150 kufikira 200, ndipo zina zipitirira apo. Nyanga ziri ndi mphongo zokha. Nyangazo ziri ndi mphanda ngati nthambi za mtengo, ndipo zigwa caka ndi caka m'nyengo ya cisanu, zina nizimera m'malo mwace.

Tisaiwale kuti nyengo za kumeneko zisemphana ndi zathu. M'Sepitembala ndi m'Okotobala, pamene kuno dzuwa liri kuswa mtengo, kumeneko ndi masika: dzinthu ziri kucha m'minda, masamba ayamba kufiira, ndipo cisanu ca cipale cofewa ciri pafupi. Mbawala izindikira zimenezi. Ubweya wace wofiira wa m'malimwe ugwa, numera wina wotuwa ndi wofunda. Nchito yace yaikuru m'masabata amenewa ndiyo kudya kuti inenepe, pakuti yosakundika mafuta tsopano idzabvutika kufika kumapeto a cisanu. N'cifukwa cace alenje ati m'masika mbawala iyendetsedwa ndi mimba.

Tsono tiyeni tilondole tsiku lace. Inu a shifiti ya usiku mudzamvetsa msanga. Munthu wa shifitiyo ali ndi malo awiri, nyumba yace ku komboni ndi mgodi, ndipo pakati pace pali njira imene ayendamo dzuwa liri kulowa ndiponso mbanda kuca. Mbawala iri cimodzimodzi. Iri ndi pogona pace m'chire lowirira, iri ndi podyera pace, ndipo pakati pali mkwaso. Usana igona nibzikula monga ng'ombe, pakuti cifu cace ciri ndi zipinda zinai. Idya msanga poyera pamene pali zoopsya, nikatafunira bwino pobisika. Nthawi zina idzuka masana kubudula timasamba pafupi ndi pogona, koma siipita patari, makamaka tsiku lotentha, cifukwa ca ubweya wofunda uja. Dzuwa likapendeka inyamuka. Zazikazi ndi ana ao ndizo ziyamba kuturukira m'munda. Mphongo yokalamba icenjera: iima m'mitengo kumbali kwa munda, kununkhiza ndi kumvetsera, kufikira cisisira citagwa. Usiku idya, nigona pang'ono, nidyanso, ndipo kusanayere bwino iri kale pa ulendo wobwerera.

Koma podyera pace sipakhala pamodzi masiku onse, ndipo apa ndi pamene alenje ambiri alepherera. Kuciyambi kwa Sepitembala mbawala zisonkhana m'minda ya nyemba za soya, masamba akali obiriwira, ndipo munthu akhoza kuziwerenga ali ciimire pa mseu. Masamba a soya akasanduka acikasu, zileka kubwera. Mlenje wosadziwa ati zasamuka, koma sizinapite kutari. Zalowa m'nkhalango, m'mene mitengo ikuruikuru yochedwa oak yayamba kugwetsa mtedza wace. Mitengoyi iri ya mitundu iwiri yaikuru. Mtedza wa oak woyera suwawa kwambiri, ndipo mbawala ziuyamba ndiwo. Wa oak wofiira uwawa, koma ukhalitsa pansi osaonongeka, motero ziusiyira m'tsogolo. Zikondanso maapulo akugwa okha ndi cimanga cotsalira m'minda okolola atapita. Cifukwa cace mlenje wanzeru ayendayenda masana kufuna mtengo umene uli kugwetsa sabata lomwelo, nayang'ana pansi pace makoko oswedwa, ndowe zaziwisi ndi mapazi.

Mphongo nazo zisiya zizindikiro zao. M'malimwe ziyenda pamodzi mwaubwenzi, nyanga zao zitakutidwa ndi kakhungu kofewa. Pofika kuciyambi kwa Sepitembala kakhunguko kasupuka, nyanga ziuma, ndipo ubwenzi uyamba kutha. Iri yonse ikhula nyanga zace pa timitengo kufikira khungwa litacoka. M'Okotobala ipalasa pansi ndi ziboda, kunsi kwa nthambi yolendewera, nisiyapo pfungo lace. Timitengo tokhulidwa tikandandalika, tisonyeza njira imene mphongo iyendamo pakati pa pogona ndi podyera. Zonsezi ziyenera kuwerengedwa msanga, pakuti m'Novembala, m'zigawo za kumpoto, ifika nyengo yokwerana, ndipo mphongo iiwala kudya, niyenda ponse ponse usana ndi usiku.

Nanga mlenje akadziwa zonsezi akhala pati? Salowa pogona pa nyama, cifukwa akaiutsa kamodzi kapena kawiri idzasintha malo, kapena idzayamba kuyenda mu mdima mokha mokha. Amanga kasanja m'mtengo pambali pa mkwaso, nakwerapo dzuwa likali m'mwamba, nakhala cete. Madzulo ndiyo nthawi yabwino m'masika, pakuti wopita m'mamawa kawiri kawiri akomana ndi nyama m'munda kukali mdima, naziopsya. M'zigawo zambiri nyengo yoyamba ndi ya uta ndi mibvi. Ku Wisconsin inayamba m'caka ca 1934. Wosaka ndi uta ayenera kulindira kuti nyama ifike pa mayadi 20 kapena 30. Pamenepo mubvomera nane kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mdani wace wamkuru ndiye mphepo, pakuti mphuno ya mbawala siinyengeka. Mlenje akhala kumene mphepo icokera kwa nyama kudza kwa iye. M'mapiri muli cinanso: m'mawa dzuwa likatenthetsa nthaka, mpweya ukwera cokwezeka, madzulo kukazizira, utsikira ku cigwa, utasenza pfungo la munthu. Woiwala ici angomva nyama iri kupfuula ndi mphuno m'chire, naona mcira woyera uli kucoka.

Potsiriza pali cinthu cimene ndifuna mucisunge. Nzeru zonsezi zikanatha kumaliza nyamazi, ndipo zinatsala pang'ono kutha. Pofika caka ca 1900, cifukwa ca anthu osaka kuti agulitse nyama ndi zikopa, akatswiri ayesa kuti m'dziko lonselo munatsala mbawala ngati 500,000 zokha. M'caka comweco boma linaika lamulo la Lacey, loletsa kudutsa malire a zigawo ndi nyama yophedwa mobera. M'caka ca 1937 linaika lina, lakuti msonkho wa mfuti ndi zipolopolo uzigwira nchito yosamala nyama za m'thengo. Lero mlenje agula laisensi, auzidwa ciwerengero ca mbawala zimene angaphe, ndipo kuzisaka usiku ndi nyali ndi mlandu. Tsopano mbawalazo ayesa kuti ziri pafupi 30 miliyoni, ndipo mabanja ambiri adya nyama yace caka ndi caka.

Inu amene mudziwa gwape, m'mene afikira pansi pa msuku masuku akagwa, ndi m'mene aimira duu pamene nyali yamuwalira m'maso, mwaona kuti alenje a ku Amereka sadziwa zamatsenga. Adziwa cimene makolo athu anadziwa, kuti wofuna nyama ayambe waphunzira tsiku lace. Cimene anacedwa kuphunzira, ndipo anaciphunzira nkhalango zao zitatsala pang'ono kukhala zopanda kanthu, ndico kusiyako zina kuti ziswane.