Zimene unanena mu khoti sizifufutika ndi apilo

Lero ndikufuna tikambirane za apilo, chifukwa ambiri timaganiza kuti munthu akachita apilo ndiye kuti zonse zayambanso mwatsopano ngati mpira wobwereza. Sizili choncho.

Mlandu ukazengedwa kwa majisitireti ku Liwonde kapena pa Balaka, apilo imapita ku khoti lalikulu, ndipo ife a kuno khoti lathu ndi la ku Zomba. Jaji kumeneko nthawi zambiri saitananso mboni. Amawerenga fayilo, momwe muli zonse zimene zinalembedwa pa mlandu woyamba, kuphatikizapo zimene woimbidwa mlandu uja ananena yekha atalumbira. Akapeza kuti mlandu sunayende bwino, akhoza kulamula kuti uzengedwenso. Apa ndi pamene ena amafuna kusintha nkhani. Poyamba anati "ndinali pamalopo koma sindinagwire chilichonse", ulendo uno akuti anali ku Ulongwe kwa amalume. Loya wa boma angotsegula fayilo yakale n'kumufunsa kuti choona n'chiti pa ziwirizi. Ayankha bwanji?

Kusintha manja kwa mlandu si nthano ayi. Tonse tikukumbukira MacDonald Masambuka, mnzathu wachialubino wa ku Machinga amene anaphedwa mu 2018. Mlandu wake unayamba ndi Jaji Zione Ntaba ku Zomba, iwo anadzausiya mu 2019, ndipo chigamulo anapereka ndi Jaji Dorothy NyaKaunda Kamanga mu 2022, anthu 12 atapezeka olakwa. Zaka zinayi! Munthu amaiwala zomwe ananena zaka zinayi zapitazo, koma pepala siliiwala.

Komatu si mawu onse akale amene angagwiritsidwe ntchito mwachisawawa. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limati womangidwa ali ndi ufulu wokhala chete, ndipo asakakamizidwe kuvomera mlandu kapena kudziperekera umboni womutsutsa. Ku America nkhaniyi inafika ku khoti lalikulu kwambiri mu 1968, pa mlandu wa Harrison. Bamboyu anaima kudziteteza chifukwa boma linali litabweretsa zikalata zoti anavomera mlandu. Pa apilo kunapezeka kuti zikalatazo zinatengedwa mosatsata malamulo, koma pozenganso mlandu boma linawerenga umboni wake wakale uja n'kumumanganso. Khoti linakana, linati mawu amene munthu anakankhidwa kunena chifukwa cha umboni woipa sangam'mangenso. Chigamulo chimenechi si lamulo ku Malawi kuno, komabe ine ndikuona kuti maganizo ake ndi olondola.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kuvomera mlandu mothamanga. Mnyamata watopa ndi chitolokosi, wina wamunong'oneza kuti "ingovomera utuluke msanga", iye n'kuvomera. Lamulo lathu limati wovomera mlandu angachite apilo pa chilango chokha, osati pa kupezeka wolakwa. Ndipo nthawi ndi yochepa: chidziwitso cha apilo chimayenera kuperekedwa pasanathe masiku 10.

Ndiye m'bale wanu akamangidwa, musathamangire kumupangira nkhani yoti akanene. Muuzeni kuti asasaine sitetimenti imene sanaiwerenge kapena kuwerengeredwa m'chinenero chimene amamva, kaya ndi Chiyao kaya Chichewa. Ngati ndalama za loya palibe, a Legal Aid Bureau ali ndi ofesi ku Zomba. Pitani mlandu usanayambe.