Ng'oma Zilire, Mitengo Imere



Chikondwerero cha zachilengedwe cha chaka chino chatipeza tili m'chisoni. Aphunzitsi anzathu, amene ankasamala nazale ya mitengo pasukulu pathu ndi kuphunzitsa ana magule, tawaika m'manda mwezi womwe uno. Ena afunsa ngati n'koyenera kuvina misozi isanaume. Ine ndikuti n'koyenera. Makolo athu sankalira maliro mwakachetechete; chisoni ankachisenza ndi nyimbo.

Koma tikumbukire kuti ng'oma imene ikulirayi inali mtengo. Tayang'anani m'midzi mwathu: mitengo yachilengedwe yatsala kumanda, kumene nkhwangwa imaopa kufika. Akufa akusunga nkhalango, ife amoyo tikuigulitsa m'matumba a makala. Mkungudza wa m'phiri la Mulanje, mtengo wa fuko lathu, watsala pang'ono kutha. Napolo wa ku Phalombe mu 1991 ndi namondwe wa Freddy mu 2023 anationetsa ukali wa madzi otsika m'phiri. Tikamadula mitengo, timawalambulira njira.

Malemuwa atisiyira mbande. Nyengo yobzala mitengo imayamba pa 15 Disembala kufika pa 15 Epulo. Banja lililonse litenge mbande imodzi, liibzale, liitchinjirize ku mbuzi ndi moto wolusa mpaka ipereke mthunzi. Chimenecho ndiye chipepeso choyenera.

Mzimu wawo uuse mumtendere. Ovina tchopa, bwalo ndi lanu.